Malemu Amene Ankabwerabe ku Ntchito

Ku Liwonde kumatentha, ndipo amene amatsutsa zimenezi ndi aja amangodutsa pa basi mawindo ali otsekula. Koma m'tauni yonseyo munali kachipinda kamodzi kozizira chaka chonse, kuseri kwa ofesi ya Che Sabiti. Che Sabiti ndi aja a masitolo a simenti, malata, feteleza ndi mbewu, amene anayamba ndi kaokala ku Ntaja n'kudzatsekula nthambi ku Balaka ndi ku Nkaya, likulu n'kuliika pa Liwonde. M'kachipindamo munkakhala seva, chibokosi chakuda chofika m'chiuno, chong'ung'udza osapuma. Masitolo onse anayi ankadalira chimenechi. Thumba la simenti likatuluka ku Nkaya chinkadziwa, malata akatha ku Balaka chinkadziwanso, ndipo tsiku limene chadwala ogulitsa onse ankangoti manja lende, makasitomala akuwalalatira pakauntala.

Wosamala sevayo anali Zaituni, mayi wamfupi wa ku Ntaja, wosachulutsa mawu, munthu yekhayo pa Liwonde amene ankavala juzi mu Okutobala. Anzake a pantchito ankamukonda kwambiri dzuwa likafika pamutu. Ankabwera ndi mafunso opanda mutu, kuima pakhomo, kukanda m'mutu, pamene chenicheni ankafuna kamphepo kozizira. Katswiri pa khalidwe limeneli anali Ganizani, dalaivala wa lole, amene tsiku lina anafika pofunsa ngati sevayo imadziwanso mtengo wa matayala ku Mozambiki. Zaituni ankawasiya apume pang'ono, kenako n'kuwauza kuti atseke chitseko, akuwononga mphepo.

Koma mukanafunsa makinawo kuti amawasamala ndani, sakanatchula Zaituni. Akanati Zubairu.

Zubairu anali mlongo wake wamkulu, ndiye amene anabweretsa sevayo kuchokera ku Blantyre n'kuikhazika yekha. Banja la Zaituni litatha, atabwerera kwawo ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi, Zubairu anachita zimene mlongo amayenera kuchita, anakamufunsira ntchito ya pakauntala kwa Che Sabiti. Sukulu Zaituni analekeza Fomu 2. Koma makasitomala akachepa, Zubairu ankamuitana m'kachipinda kaja n'kumamuphunzitsa. Anamuphunzitsa kukopera zonse za tsikulo pa tepi asanaweruke, ndi kutenga tepi imodzi kupita nayo kunyumba Lachisanu lililonse kuti moto ukabuka pa ofesi zinthu zisapsere limodzi. Anamuphunzitsa kuzimitsa makina mwadongosolo magetsi akathima jenereta n'kukana kulira, ndiponso kunyengerera pulinta ya ku Ntaja, imene inali ndi mtima wapachala. Sanali mphunzitsi wofatsa. Ankati zala za mlongo wakeyo zili ngati zidutswa za chinangwa, ndipo akalakwitsa ankamubwerezetsa mpaka misozi kulengeza. Zaituni ankakadandaula kwa amayi awo, amayiwo n'kumangoseka.

Zubairu anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira m'mawa wina, ndipo monga mwa Chisilamu, dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale ku Ntaja. Akazi sapita kumanda, choncho Zaituni anangoona jeneza ikutuluka pachipata, iye n'kutsala pakhonde ndi amayi anzake. Sadaka ya masiku makumi anayi itachitika, amjomba awo anamuitanira pambali n'kumuuza mwachidule kuti mawa apite ku Liwonde akakhale pampando wa mlongo wake. Sananene kuti mpaka liti, ndipo iye sanafunse.

Anakakhala pampandopo n'kutsekula makina ndi dzina la Zubairu ndi mawu ake achinsinsi, poti dzina limenelo ndi lokhalo limene linkatsekula paliponse. Zilembo zobiriwira zinatuluka pagalasi lakuda, dzina la mlongo wake lili pakona, ngati kuti mwini wake wangotuluka kukagula mandasi. Tsiku limenelo analira. Mawa lake analiranso pang'ono. Kenako zinasanduka moni wa m'mawa uliwonse, ndipo kunena zoona moni umenewo ankaukonda.

Zaka zinadutsa choncho. Uthenga wopita ku nthambi unkafika m'dzina la Zubairu, mapepala a katundu ankatuluka m'dzina la Zubairu, ndipo Ganizani ndi anzake anayamba kumuitana Zaituni kuti Che Zubairu, monga amachitira kumudzi munthu akalowa dzina la malemu. Palibe amene anaona chachilendo. Koma m'mafayilo a ofesi Zaituni anakhalabe wogulitsa pakauntala, ndipo iye mumtima mwake ankati akungosunga mpando, tsiku lina adzabwera mwini wake, wa mapepala a sukulu. Munthu aliyense wa tayi wolowa pageti ndi envulopu yakhaki, iye ankamuona ngati wabwera kudzatenga mpandowo. Kufunsa Che Sabiti sakanatha. Munthu wamkulu ngati uja sumufunsa kuti kodi mwandiika pati, komanso ankaopa kuti akafunsa awakumbutsa zimene anaiwala. Ana ake ankaphunzira chifukwa cha mpando umenewo, amayi ake okalamba ankadyera pomwepo, ndiye iye anasankha kukhala chete n'kumagwira ntchito mosapatsa munthu chifukwa.

Amene anadzagwedeza zinthu ndi Mubarak, mwana wa Che Sabiti, atabwerako ku sukulu kudzathandiza bambo ake amene miyendo inali itayamba kuwavuta. Mubarak si munthu woipa, kungoti amachita zinthu ngati minibasi yolimbirana anthu pa siteji. Anapeza kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa sevayo, imene mapulogalamu ena onse amatsamirapo, inakalamba mpaka eni ake oipanga anasiya kuikonza. Ikadzafa padzasowa woidzutsa. Anaitanitsa seva yatsopano ya pulogalamu yatsopano, n'kuitananso katswiri wa ku Blantyre woti asamutse zonse.

Katswiriyo anali Joanna, mayi wamtali woseka mokweza, amene tsiku loyamba lomwe anavula nsapato m'kachipindamo n'kunena kuti akamaliza ntchito asamukira momwemo. Dongosolo lake analifotokoza mosabisa. Akopera zonse pa tepi, aziike mu seva yatsopano, ayese chilichonse yakale ikugwirabe ntchito, ndipo akakhutira ndi pamene adzazimitse yakaleyo. Anapempha Mubarak mayina a antchito amene alipo, kuti asasamutse mayina a anthu amene anachoka kalekale. Zaituni anamva zimenezi akupukuta tebulo. Anadziwa kuti dzina la Zubairu silikhalapo pamenepo, koma anangopitiriza kupukuta.

Tsiku loyesa, seva yatsopano inadzuka bwinobwino, yachangu, yosasokosa. Koma ataiuza kuti igwire ntchito inakana zonse. Pepala silinatuluke, a ku Balaka poyesa kulowa anabwezedwa, ntchito yokopera pa tepi inangoima. Joanna anasiya kuseka. Anafufuza mpaka tiyi wake kuzizira, kenako anatembenuka ndi mpando womwe.

“Achemwali, a Zubairu ndi ndani? Pa mayina a antchito palibe, koma chilichonse muno mwini wake ndi iwo. Ndipo ndi olimbikira, lero lomwe alawira kuposa aliyense.”

Ganizani, amene anali pakhomo kudzapuma mphepo monga mwa masiku onse, ndiye anayankha kuti a Zubairu anatisiya kale, manda awo anamera udzu ku Ntaja. Joanna anaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kuyang'ana kuchitseko. Zinatengera Zaituni kufotokoza zonse, maso ali pansi, kuyambira za pakauntala mpaka mawu a amjomba aja.

Joanna anaseka pang'ono pochotsa mantha amene anamugwira, kenako ananena kuti zimenezi sizingapitirire. Mu seva yatsopano aliyense azilowa ndi dzina lake, ndipo dzina lotsekula paliponse silingakhale la munthu amene sangafunsidwe kanthu zinthu zikalakwika. Zonse zimene zinali za Zubairu ziyenera kupatsidwa kwa munthu mmodzi wamoyo, ndipo wosankha munthuyo ndi mabwana.

“Simungangolisamutsa dzinalo mmene lililimu?” anafunsa Zaituni chapansipansi. “Silinalakwire munthu.”

“Ndingathe, koma ndikhala ndakulakwirani inuyo. Ntchito yonse imene mwagwira zaka zonsezi, makina akuti anagwira munthu amene ali kumanda. Inu muno mulibemo ngakhale pamodzi.”

Mawu amenewa anamupweteka Zaituni, makamaka chifukwa anali oona. Nkhani itafika kwa Mubarak, anagwira kumutu, kutsekula mafayilo, n'kupeza kuti seva ya masitolo anayi ili m'manja mwa wogulitsa pakauntala. Anati afunafuna munthu wa dipuloma, ndipo pakadali pano aikepo dzina lake iyeyo. Za Zaituni anangoti tiona. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya munthu amadziwa kuti “tiona” wa bwana amasowetsa tulo.

Zaituni anamukwiyira Joanna, ndipo sanabise. Ankamupatsa moni wouma, kumuyankha zimene wafunsa basi. Mwezi wa Ramadhani unali mkati, ndiye ankadziletsa kulankhula zambiri, koma mumtima ankati mayi uyu wabwera ndi kuseka kwake kudzandichotsa pantchito. Anayamba kututa zake pang'onopang'ono osauza munthu. Lero kapu, mawa juzi yachiwiri ija inkakhala kuseri kwa chitseko, tsiku lina kamkeka kake kopempherera. Joanna anaona zonsezi koma anachita ngati sakuona. M'malo mwake ankamukhazika Zaituni pa seva yatsopano tsiku ndi tsiku, kumuonetsa kuti kuno tepi imalowa chonchi, kuno pulinta ukainyengerera umadutsira apa, bwerezaninso, iyayi, bwerezaninso. Zaituni anamufunsa kuti munthu wochoka amamuphunzitsiranji, Joanna n'kuyankha kuti iye sanauzidwe za munthu wochoka. Panali tsiku lina limene Joanna anamuuza kuti zala zake ndi zolemera, ndipo Zaituni anangoyang'ana kumbali, chifukwa anakumbukira mawu a munthu wina.

Masitolo a Che Sabiti satseka Lamlungu, satseka pa Khirisimasi, amangopumira pang'ono Lachisanu masana. Tsiku limene amatseka onse anayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi la Idi, choncho kusamuka kwenikweni anakuika pa tsiku limenelo. Zaituni akanatha kukhala pakhomo ndi ana ake, palibe akanamunena. Koma atabwerako kopemphera anatenga bakuli la mpunga ndi nyama ya mbuzi n'kulunjika ku ofesi, atavala zake zatsopano za Idi, juzi pamwamba. Ngakhale munthu wam'kwiyira, pa Idi sumusiya ndi njala. Komanso sakanalola kuti chibokosi cha mlongo wake chizimitsidwe iye kulibe.

Anagwira ntchito awiriwiri. Anakopera zonse komaliza pa tepi, kuzitsanulira mu seva yatsopano, kusamutsa mawaya a nthambi imodziimodzi. Ntchito yotere yambiri ndi kudikira, ndiye podikirapo anadya mpunga uja, Zaituni akudya masana koyamba chiyambireni mwezi wosala, Joanna akunyambita zala n'kumati mbuzi za ku Blantyre zimadya mapepala. Pamenepo Zaituni anaseka, ngakhale sanafune.

Dzuwa litapendeka, anafika Che Sabiti mumkanjo woyera, akuyenda ndi ndodo, Mubarak ali pambuyo. Anali akuchokera kopereka moni wa Idi kwa abale, ndipo mkuluyo anati aone chinthu chimene chatsekereza mwana wa anthu m'chipinda pa tsiku lachikondwerero. Joanna anawaonetsa zonse, n'kunena kuti kwatsala chinthu chimodzi, kuchotsa dzina lakale ndi kuika la munthu amene azisamala makinawo. Mubarak anayankha mwachangu kuti aike lake kaye, mpaka apeze munthu.

Che Sabiti anafunsa kuti munthu wanji akufunidwayo. Mubarak anafotokoza kuti mpando wa malemu Zubairu sunapatsidwe kwa munthu, ndipo m'mafayilo mulibe chilichonse. Mkuluyo anagogoda ndodo pansi.

“Mpando ndinaupereka kale. Pa sadaka ya Zubairu ndinaimirira, pali amjomba ake, pali a shehe, pali amuna a mudzi wonse, ndinanena kuti mpando wa mwana uyu ndi wa mlongo wake mpaka adzatope yekha. Anthu onse aja anali osakwana, mpaka ufune fayilo?”

Che Sabiti anatembenukira kwa Zaituni n'kumufunsa ngati si choncho. Zaituni anali atagwada kale pafupi ndi chitseko.

“Ine sindinamve, bwana. Ndinali kuseri, kumiphika.”

Ndi mmene sadaka imakhalira, amuna kutsogolo pamikeka ndi a shehe, akazi kuseri ndi utsi. Che Sabiti analankhula kwa amuna, amuna anavomera, amjomba anapereka uthenga mofupikitsa monga amachitira amjomba onse, ndipo aliyense anapita kwawo akuganiza kuti mwini nkhani akudziwa. Mkuluyo anasisita ndevu nthawi yaitali. Anati iye ankaona dzina la Zubairu pamapepala n'kumakondwa, poganiza kuti mwanayu walowa dzina la mlongo wake monga mwa mwambo, ndipo sanaone chifukwa chofunsira.

“Ndiye zaka zonsezi wakhala muno ngati mlendo, mwana wanga?”

Zaituni anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pa nsalu yake yatsopano. Sanali kulira chifukwa cha zaka zamantha zija, ngakhale zinali zowawa. Ankalira chifukwa chozindikira kuti tsiku lomwe lija, iye akupakula mpunga kuseri maso atatupa, panali munthu amene anaimirira pagulu n'kumutchula. Anathokoza m'Chiyao cha kwawo, sikomo kwejinji, kubwereza kangapo, mpaka Che Sabiti anamuuza kuti adzuke, simenti ya muno ndi yozizira.

Mubarak, tinene zoona, sanalimbane nazo. Manyazi anamugwira, anapepesa, n'kunena kuti mawa lomwe akonza fayilo ija, ndiponso kuti Zaituni apite ku Blantyre akaphunzire za seva yatsopanoyi mokwanira. Joanna anangokankhira kiyibodi kwa Zaituni n'kumuuza kuti alembe yekha dzina lake. Zaituni analemba pang'onopang'ono ndi zala zake za chinangwa zija. Kenako Joanna anauza makinawo kuti zonse zimene zinali za Zubairu zikhale za Zaituni, ndipo mizere inayamba kuthamanga pagalasi, yambirimbiri, ntchito ya anthu awiri ikusintha mwini.

Pa kutseka dzina lakale, Joanna anatambasula dzanja, koma Zaituni anapempha kuti atseke yekha. Che Sabiti anati adikire. Anatukula manja n'kuchita duwa yaifupi, kumupemphera Zubairu chikhululuko ndi malo abwino, Mubarak n'kumavomera, Joanna atawerama mutu, osavala nsapato. Zaituni sanaperekeze mlongo wake kumanda, ndipo nthawi yonseyi ankaona ngati sanatsanzikane naye. Anayang'ana dzina lija pakona pagalasi, n'kuthokoza mwini wake mumtima chifukwa cha kukalipa konse kuja. Kenako anadina batani. Seva yakale anaizimitsa mwadongosolo, mmene Zubairu anamuphunzitsira, ndipo kachipindako kanakhala bata limene sanalimvepo chilowereni muno.

Joanna ananyamuka dzuwa lisanalowe kuti akagwire basi pa siteji. Zaituni anamuperekeza mpaka pamsewu, atamumangira nyama yotsala, n'kumuuza kuti amukhululukire moni wouma uja. Joanna anati moniwo sanaumve kuuma, mpunga ndi umene waumva, ndipo anakwera basi akuseka mpaka anthu kutembenuka. Mpaka lero Zaituni akamatchula anthu amene anamuchitira zabwino, amayamba ndi mlongo wake, kenako Che Sabiti, kenako mayi wa ku Blantyre amene anakana kumumvera chisoni.

M'mawa mwake analawira, atanyamula kapu, juzi ndi kamkeka kaja m'jumbo. Anakhala pampando, ndipo zala zinalemba zokha dzina limene zinazolowera. Makina anakana. Kenako analemba lake, makinawo n'kutsekuka.

Pasanapite nthawi foni inalira. Anali Walter, kalaliki wa nthambi ya ku Nkaya, amene anali asanafikeko ku Liwonde ndipo mavuto ake onse ankangolemba pa makina n'kuyankhidwa pomwepo. Lero anaimba chifukwa anaona dzina lachilendo.

“Pepani mayi, ndimafuna a Zubairu. Ndi amene amandithandiza masiku onse, munthu wabwino, sanandikalipirepo ngakhale ndifunse zopusa. Kodi awachotsa ntchito?”

Zaituni anayang'ana pakona pagalasi, n'kukonza mpango wake.

“Iyayi, sanawachotse, apuma. Amene ankakuthandizani uja ndine, dzina langa ndine Zaituni. Nenani, pulinta yatani?”